Mtengo wonga kanjedza mwaupeza kuseri kwa nyumba ku Britain: udziweni dzina chisanu chisanafike

Amalawi ambiri amene alowa nyumba ya lendi, kapena agula yawo, ku Manchester, Leicester, Glasgow ngakhale ku Dublin, amadabwa akatsegula chitseko cha kuseri n'kupeza mtengo wooneka ngati wa kwathu uli chilili pakona pa mpanda. Mwini nyumba sadziwa dzina lake, amene anaubzala anasamuka kalekale, ndipo kapepala ka dzina kamene anagulira kanathothoka. Ikangofika October mafunso amayamba. Kodi upulumuka winta? Ndiufunditse? Masamba ouma aja ndiwasadze? Nanga mwana akatola tizipatso take n'kuika m'kamwa zitha bwanji?

Mayankho onse agona pa dzina la mtengowo. Ulipo wina umene simufunika kuuchitira kanthu ngakhale kunja kutazizira mpaka madigiri 15 pansi pa ziro. Ulipo wina umene umawola mtima, pakati pamene pamatuluka masamba atsopano, chisanu chikakumana ndi mvula. Ulipo winanso umene si kanjedza n'komwe ndipo ndi poizoni. Mwayi wake, mitundu imene imapirira panja m'maiko amenewa ndi yochepa, ndipo ife tinakulira pakati pa abale ake. Amene anaonapo mlaza anthu akulukira mikeka, ndiponso ananyamulapo tsamba la kanjedza pa Lamulungu la Kanjedza, theka la ntchitoyi analidziwa kale.

Musadabwe kuti mitengo yotere ikumera kutali chonchi ndi dzuwa. Madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amachepetsa ukali wa kuzizira, makamaka chakumadzulo, n'chifukwa chake ngakhale ku Scotland, m'munda wa Logan Botanic Garden, muli mizere ya mitengoyi yaitaliitali.

Yambani ndi tsamba. Liyang'aneni limodzi lokha, kuyambira pamene lachokera pa thunthu mpaka kunsonga. Ngati lili ndi phesi lalitali kenako n'kutambasuka mozungulira kumapeto, ndiye la gulu la mlaza ndi mvumo. Ngati lili ndi msana umodzi wautali, timasamba titandandalika uku ndi uku, ndiye la gulu la kanjedza ndi chiwale. Koma ngati tsamba lililonse ndi lamba mmodzi wautali wosagawika, lopanda phesi, ndipo masambawo aunjikana kumutu kwa thunthu, imani kaye, chifukwa umenewo si kanjedza.

Ndiyambe ndi womalizawu popeza ndi umene umanamiza anthu ambiri. Dzina lake ndi Cordyline australis, kwawo ndi ku New Zealand. Wadzaza m'matauni a m'mbali mwa nyanja moti anthu amangoutcha Torbay palm kapena cabbage palm. Ukakula umachita mphanda, nthambi iliyonse n'kukhala ndi mutu wake wa masamba, ndipo chakumayambiriro kwa chilimwe umatulutsa chingala chachikulu cha timaluwa toyera tonunkhira kwambiri. Makungwa ake ndi otuwa, okhakhala, opanda ulusi. Mtengo umenewu supirira kuzizira kwenikweni. M'nyengo yozizira koopsa ya December 2010, komanso ya December 2022, yambiri inafota, mitu n'kugwa, mathunthu n'kumatuluka madzi onunkha. Koma uli ndi khalidwe limene kanjedza weniweni alibe: umaphukanso. Mukadula thunthu lowolalo mpaka pamene pali polimba, mphukira zimatuluka m'mbali kapena pansi penipeni. Choncho musathamangire kuzula. Ngati masamba ake ndi olimba gwa, ndipo kunsonga kuli kosongoka kobaya, mwina ndi Yucca, ndipo musamale maso a ana chifukwa nsongazo zimakhala pa msinkhu wawo.

Tsopano gulu la mlaza. Apa valani magolovesi a m'munda, mugwire phesi la tsamba, muyendetse chala pang'onopang'ono m'mphepete mwake.

Ngati mukungomva timano ting'onoting'ono tosabaya, yang'anani thunthu. Likakhala limodzi, loongoka, lokutidwa ndi ulusi wakuda mofiirira ngati alikulunga chiguduli, mwapeza Trachycarpus fortunei, umene amautchanso Chusan palm kapena windmill palm. Mwa akanjedza enieni amene mungawapeze panja ku Britain, wofala kwambiri ndi umenewu. Kwawo ndi ku China, kumene ulusi wakewo ankapotera zingwe ndi kusokera zovala zotchinga mvula. Dzina lake likuchokera kwa Robert Fortune, munthu wa ku Scotland wotolera zomera, amene anatumiza mbande zake ku munda wa zomera wa Kew ku London m'chaka cha 1849. Kawirikawiri mtengo waumuna umakhala pawokha, waukazi pawokha. Yonse imatulutsa ngala za maluwa achikasu chakumapeto kwa May, koma waukazi ndi umene umabereka tizipatso takuda mobiriwira, tosapitirira nsonga ya chala, tooneka ngati impso. Si todya. Umenewu ndi umene umapirira mpaka madigiri 15 pansi pa ziro ukakhala wamkulu ndi wobzalidwa m'nthaka. Mdani wake si chisanu koma mphepo, imene imang'amba masamba n'kuwasiya ali nyankhalala. Ulipo wina wa mtundu womwewu wotchedwa Wagnerianus, wa masamba aang'ono ndi olimba amene sagwa nsonga, ndipo ngati mukukhala malo amphepo mukufuna kugula wanu, ine ndingakulangizeni umenewo. Abale a ku Switzerland dziwani kuti kumeneko analetsa kugulitsa kapena kupatsana Trachycarpus fortunei kuyambira pa 1 September 2024, chifukwa wafalikira m'nkhalango za ku Ticino, chigawo cha kumwera kwa dzikolo.

Koma ngati phesi lili ndi minga yeniyeni, yakuthwa, yoloza chakunsonga kwa tsamba, ndipo mtengowo ndi waufupi, uli ndi timathunthu tingapo tochokera pa tsinde limodzi, ndiye Chamaerops humilis. Umamera wokha m'tchire ku Spain, Portugal, Italy ndi kumpoto kwa Africa. Wina wa masamba otuwa ngati awaza phulusa umachokera ku mapiri a Atlas ku Morocco. Umapirira mpaka pafupifupi madigiri 10 pansi pa ziro, koma sufuna kuima m'madzi.

Wachitatu m'gululi ndi Washingtonia, wa ku California ndi Mexico. Masamba ake ndi aakulu, obiriwira mowala, ali ndi tiulusi toyera tolendewera pakati pa timasamba, ndipo minga ya pa phesi ndi yokhota, yofiirira. Abale a ku Johannesburg amaudziwa bwino, uli mbwee m'misewu ndi m'mayadi, ndipo chisanu cha June ndi July sichiupha. Wina akaona zimenezi amaganiza kuti ku Birmingham upiriranso. Kusiyana kwake n'kwakuti kuzizira kwa ku Johannesburg n'kouma, ndipo m'mawa dzuwa limatuluka n'kusungunula zonse. Ku Britain mvula imalowa pakati pa mtengo, usiku madziwo n'kuundana, masana osasungunuka, mawa lake chimodzimodzi. Chimapha mitengoyi ndi chimenecho, kuzizira kophatikizana ndi chinyontho.

Gulu la kanjedza lili ndi wachibale weniweni wa kanjedza wathu wa m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Wathu ndi Phoenix reclinata, wa kuno ndi Phoenix canariensis, wochokera ku zilumba za Canary. Amaugulitsa motchipa m'masitolo akuluakulu nyengo ya chilimwe, n'chifukwa chake uli m'mayadi ambiri. Masamba ake ndi aatali, obiriwira kwambiri, tsinde lake ndi lonenepa lokhala ndi zipsera za masamba odulidwa, ndipo chakumunsi kwa tsamba lililonse timasamba timasanduka minga italiitali. Minga imeneyi musaiderere. Imaboola golovesi, nsonga yake imathyokera m'thupi, ndipo ikalowa pa mfundo ya chala kapena pa bondo imatupitsa kwa nthawi yaitali. Ikakubayani malo otero n'kuyamba kutupa, pitani kwa dokotala wanu kapena imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo ku Britain, osangothira mchere n'kudikira. Pa nkhani ya kuzizira, mtengowu umachita bwino pakati pa London, ku Cornwall ndi ku zilumba za Scilly. Chakumpoto ndi m'kati mwa dziko, waung'ono umafa mosavuta ukasiyidwa wosafunda.

Masamba akakhala otuwa mobiriwira, opindika kwambiri kubwerera pansi, ndiye mwina Butia, wa ku Brazil ndi Uruguay, umene umapirira kuposa Phoenix. Thunthu likakhala lonenepa zedi, losalala ndi lotuwa, phesi lopanda minga, ungakhale Jubaea chilensis wa ku Chile. Umenewo ndi wosowa ndi wodula, ndipo mwini nyumba ayenera kudziwitsidwa kuti ali ndi chuma pakhomo.

Pali umodzi umene ndikupemphani kuti muusamale koposa yonse, makamaka ngati muli ndi ana aang'ono kapena galu. Ndi waufupi, kawirikawiri umakhala mu mphika pakhonde kapena m'nyumba momwe. Masamba ake ndi olimba, onyezimira, obiriwira moderako, timasamba take n'topyapyala tothinana, ndipo masamba atsopano amatuluka onse pamodzi mozungulira, osati limodzilimodzi. Umenewo ndi Cycas revoluta, wa kumwera kwa Japan, umene m'masitolo amalemba kuti sago palm. Si kanjedza. Ndi wa gulu limodzi ndi Encephalartos gratus umene umamera m'munsi mwa phiri la Mulanje. Chilichonse cha mtengowu ndi poizoni, makamaka njere zake zofiira, ndipo zimaononga chiwindi. Mwana akatafuna, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo mutatenga chithunzi cha mtengowo. Galu akadya, pitani naye kwa dokotala wa ziweto osadikira kuti ayambe kusanza.

Mtengo ukakhala waung'ono kwambiri zonsezi zimavuta, chifukwa mbande za akanjedza ambiri zimayamba ndi masamba osagawika, ofanana okhaokha. Pamenepo palibe kuchitira mwina koma kudikira kuti utulutse masamba a ukulu wake, uku mukuusamala ngati wosapirira. Mapulogalamu a pa foni monga Pl@ntNet, iNaturalist ndi Google Lens amathandiza, koma amasokoneza mitunduyi mukawapatsa chithunzi chimodzi chojambulira patali. Jambulani mtengo wonse, tsamba limodzi lathunthu, phesi chapafupi kuti minga ioneke, thunthu, ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo. Zithunzi zomwezo mungakaonetse kogulitsa mbande kufupi ndi kwanu. Mukapeza dzina, lifufuzeni pa tsamba la pa intaneti la bungwe la zaulimi wa maluwa la ku Britain, Royal Horticultural Society, limene limapereka chizindikiro cha kupirira kwa chomera chilichonse. H5 ndiye kuti chimafika madigiri 10 mpaka 15 pansi pa ziro, H4 ndi 5 mpaka 10, pamene H3 sichipitirira 5. Trachycarpus ali pa H5, Chamaerops pa H4, Cordyline pa H3.

Mukadziwa dzina, zochita zake ndi zochepa. Kanjedza aliyense amakulira malo amodzi okha pa thunthu, pakati pamene pamatuluka tsamba latsopano lopindana losongoka. Pamenepo ndiye pa mtima. Mukadula mutu kuti mtengo ufupike, thunthulo lafa, silichita nthambi ngati mbawa kapena mango. Masamba oti musadze ndi okhawo amene auma kotheratu, ndipo ndi bwino kuwasiya mpaka April chifukwa amatchinjiriza thunthu. Obiriwira asiyeni. Trachycarpus wamkulu wa m'nthaka musamufunditse chilichonse. Phoenix, Washingtonia ndi Cordyline waung'ono, mukamva kuti kukubwera chisanu champhamvu, sonkhanitsani masamba muwamange pamodzi tsiku louma, mukulunge ndi nsalu yoyera yopyapyala imene amaitcha horticultural fleece, ndipo kukangofundako masulani. Pepala la pulasitiki ayi. Limasunga chinyontho m'kati, mtima n'kuwola muli kuganiza kuti mwauteteza. Wa mu mphika ndi wosatetezeka kuposa wa m'nthaka, ngakhale utakhala Trachycarpus, chifukwa dothi lonse la mu mphikamo limaundana pamodzi ndi mizu. Ukokereni pafupi ndi khoma la nyumba, kulungani mphikawo, muukweze pa njerwa kuti madzi azituluka, ndipo chepetsani kuthirira.

Musanadule kapena kuzula mtengo pa nyumba ya lendi, lemberani mwini nyumba kapena ejenti, ndipo sungani yankho lawo, apo ayi ndalama yanu ya dipoziti ikhoza kupita. Ngakhale nyumba ili yanuyanu, funsani ku khonsolo ngati mtengowo uli pansi pa Tree Preservation Order, lamulo la khonsolo loletsa kudula mtengo popanda chilolezo. Ku England, nyumba ikakhala m'dera lotetezedwa chifukwa cha mbiri kapena mamangidwe ake, lotchedwa conservation area, mumayenera kudziwitsa khonsolo masabata 6 musanadule mtengo umene thunthu lake lapitirira mamilimita 75 m'mimba mwake poyeza pa mita 1.5 kuchokera pansi. Funsaninso za bini ya zinyalala za m'munda, chifukwa makhonsolo ena amakana masamba a Cordyline ndi a kanjedza poti ulusi wake umakola makina.

Ena mtima umafuna kubweretsa njere za mgwalangwa kapena mvumo kuchokera ku Mangochi kapena ku Liwonde. Mbande ndi njere zobzala sizingolowa m'chikwama, zimafuna chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda ndi tizilombo, ndipo popanda chimenecho amalanda pa bwalo la ndege. Ngakhale zitalowa, mitengo ya m'chigwa chotentha ngati imeneyo singapirire panja kuno.

Winta ikatha, chakumapeto kwa March, gwirani tsamba la pakati lija mulikoke pang'ono. Likakhala lolimba, mtengo uli bwino ngakhale masamba akunja atapsa onse. Likazuka n'kutuluka lili lofewa, lakuda ndi lonunkha kumunsi, chotsani zowola zonse m'bowomo, muumitse, mutchinge pamwamba kuti mvula isalowe koma mpweya uzidutsa. Trachycarpus ndi Chamaerops nthawi zambiri zimatulutsa tsamba lina, loyamba limabwera lopinimbira ndi lokhwinyata. Upatseni mpaka July musanaganize zouzula.