Kukonzanso Gulu Lankhondo Popanda Kutaya Zida Zakale

Palibe gulu lankhondo lomwe limasintha zida zonse nthawi imodzi. Ndalama sizikwana, ndipo fakitale imatenga zaka kuti ipereke zomwe mwaitanitsa. Ntchito yagona posankha chida chakale choyenera kupitirira, ndi kudziwa choti muchotsemo.

Yambani ndi thupi la chidacho, osati zaka zake. Ngati ndi ndege, werengani maola omwe yauluka, mufufuzenso ming'alu polumikizira mapiko. Dziko la America linawonjezera moyo wa ndege zina za F-16 kuchoka pa maola 8,000 kufika pa 12,000 polimbitsa thupi lake. Ndege yomaliza yoponya mabomba ya B-52 inatuluka m'fakitale mu 1962, koma mu 2021 anasankha injini za Rolls-Royce F130 kuti zilowe m'malo mwa injini zakale za TF33, zisanu ndi zitatu pa ndege iliyonse. Thupi likakhala lolimba, injini, radar ndi wailesi zimasinthika. Likatopa, musatayirepo ndalama.

Kenako funsani komwe zipolopolo ndi masipeya zichokere, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Dziko la Germany linasiya kugwiritsa ntchito Gepard, kasinja wowombera ndege, mu 2010. Atamutumiza ku Ukraine mu 2022 anathandiza kwambiri kugwetsa madroni, koma gawo lina la zipolopolo zake za 35mm linapangidwa ku Switzerland, dziko lomwe linakana kuti zitumizidwe kunkhondoko. Kampani ya ku Germany ya Rheinmetall inachita kuyambiranso kuzipanga mu 2023. Masipeya akasowa, amakaniko amayamba kuphwasula galimoto imodzi kuti ina iyende. Zimathandiza mwezi uno, koma m'kaundula mumakhala magalimoto ambiri pomwe oyenda ndi ochepa.

Chilichonse chomwe mwawonjezera chimalemera komanso chimadya magetsi. Ku Iraq, ma Humvee, magalimoto a asilikali a America, atawakutira zitsulo zoteteza, masipuling'i ndi mabuleki zinkatha msanga, ndipo galimoto inkagubuduka mosavuta chifukwa kulemera kunakwera m'mwamba. Musanamange chitsulo, werengani katundu yemwe ekiselo ingasenze. Musanaike makamera oona usiku ndi wailesi zatsopano, yezani mphamvu ya alitaneta, chipangizo chotchaja mabatire, apo ayi mabatire adzatha injini ikangozima.

Kusintha kwaphindu nthawi zambiri kumakhala kwakung'ono. JDAM ndi chipsepse chokhala ndi GPS chomwe amamangirira ku bomba wamba kuti lilunjike pamalo. Anayamba kuligwiritsa ntchito ku Kosovo mu 1999. Mfuti ya M2 Browning ndi ya m'ma 1930, koma mtundu wa M2A1 umalola kusintha mpope wotentha popanda kutchuna mpata wa chipolopolo ndi geji, ntchito yomwe ikalakwika inkavulaza wowombera.

Pogawa, wailesi zipite kwa onse poyamba, chifukwa gulu la zida zakale lomwe silikumvana ndi latsopano limatha kuomberana nalo. Zida zazikulu perekani ku batalioni (gulu la asilikali mazana angapo) yathunthu, osati ziwiri uku zitatu uko: mukamwaza, malo aliwonse adzafuna masipeya amitundu iwiri ndi amakaniko odziwa zonse. Chakale chisachotsedwe mpaka gulu latsopano litaphunzira, litayesedwa m'maphunziro a kutchire, ndiponso nkhokwe yake ya masipeya itadzaza. Amakaniko odziwa makina akalewo asungeni mpaka galimoto yomaliza itapumitsidwa.