Momwe mungapangire makolo anu kompyuta pophatikiza zipangizo zatsopano ndi zakale

Atate anga ndi msungichuma wa mpingo wathu ku Kapata, ndipo maso awo anatopa ndi timalemba ta pafoni. Ndinawapangira kompyuta ya patebulo, zipangizo zina zogula, zina zochotsa m'kompyuta yanga yakale.

Choyamba, dziwani pomwe ndalama iyenera kupita. Kwa ine ndi pawiri: power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) ndi SSD (chosungiramo mafayilo chothamanga, cholowa m'malo mwa hadi disiki), izi gulani zatsopano. Kuno malaiti amapita n'kubwera mwamphamvu, ndipo power supply yotopa ikapsa imatha kuwononganso motherboard (bolodi lalikulu pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa). SSD ya 256 GB ikwanira. Hadi disiki yakale imachedwa mpaka munthu wamkulu amayamba kudzikayikira kuti wadina polakwika. Bokosi, sikirini ndi kiyibodi, zakale zili bwino.

Musanagule RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) yang'anani motherboard. RAM ya mtundu wa DDR3 silowa pamalo a DDR4 chifukwa kampata kake kali posiyana, ndiye musakakamize. Ya 8 GB ndi yokwanira. Purosesa (ubongo wa kompyuta) nayo igwirizane ndi socket, malo ake okhala pa motherboard. Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho ngati mukufuna Windows 11, purosesa ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo.

Pomanga, zulani waya kukhoma ndipo muzigwirako chitsulo cha bokosi musanakhudze zam'kati. Chotsani fumbi lonse ndi kaburashi kouma. Khazikani purosesa, kachizindikiro ka pangodya pake kalunjike pa ka pa socket. Dontheza­ni thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) wochepa ngati njere ya nandolo pa purosesa, kenako fani yake pamwamba. RAM ikanikizeni mpaka imveke kuti "thwa". Mangani motherboard m'bokosi, lumikizani waya wamkulu wa mapini 24, ndi waung'ono wa mapini 4 kapena 8 wa purosesa. Waung'onoyu ndi amene ine ndinaiwala: fani inkazungulira koma sikirini ili bii, ola lathunthu ndikutuluka thukuta. Kabatire ka CR2032 ka pa motherboard sinthani, apo ayi tsiku ndi nthawi zizisokonekera.

Ikayaka, kulitsani malemba afike pa 150%, pasikirini musiye tizithunzi ta zomwe amagwiritsa ntchito basi. Ngati thumba likulola, onjezani UPS (bokosi la batire losunga magetsi) kuti malaiti akapita athe kusunga zomwe amalemba.

Kenako khalani nawo pansi, mbewa ya kompyuta (mouse) ikhale m'dzanja lawo, osati lanu. Ine ndinkangoti, "Atate, dinani apa kawiri," mpaka anatsegula okha ndandanda ya zopereka za Lamlungu.