Kutembenuza mawu ngati achinyamata a ku Paris

Chifalansa ndinachiphunzira zaka zitatu m'kalasi, koma tsiku limene mnyamata wina wa ku Paris anandilembera kuti "cimer" ndinavundukula dikishonale mpaka maso kuwawa. Munalibe. Mnzangayo ankangothokoza, "merci", koma chakumapeto chitabwera patsogolo. Kalankhulidwe kameneka amakatcha verlan, ndipo dzinalo nalonso ndi lotembenuza: l'envers, kutanthauza chinthu chozondoka, amatchula "lan-ver", mukasinthanitsa n'kukhala "ver-lan".

Poyamba penipeni, iwalani kalembedwe. Chifalansa chili ndi malembo ambiri ongokhala phee osatchulidwa, ndipo verlan amatsata khutu, osati cholembera. Tchulani mawuwo mokweza, mumve pamene akudukira. Bizarre, chinthu chachilendo, amamveka "bi-zar". Maphatikizo ndi awiri, asinthanitseni: zarbi. Apa palibe chovuta, ngakhale mwana angathe.

Pamene pamagona nkhani ndi pa mawu a phatikizo limodzi. Tengani femme, mkazi, amene amamveka "fam". Mutembenuza chiyani pamenepa? Ndiye mumayamba mwawatalikitsa powonjezera kaliwu ka "eu" kumapeto: fa-meu. Kenako sinthanitsani: meu-fa. Pomaliza dulani vawelo yakumapetoyo, patsala meuf. Njira yomweyi imasandutsa fête, phwando, kukhala teuf, ndi flic, wapolisi, kukhala keuf. Koma kudulako sikuchitika nthawi zonse. Louche, chinthu chokayikitsa, amathera pa chelou, ndipo lourd, munthu wotopetsa, pa relou. Mawu akakhala aafupi kwambiri ngati fou, wamisala, mumangosinthanitsa maliwu ake awiriwo: ouf. Mukamva wina akuti "c'est ouf", akudabwa kuti zimenezi ndiye zamisala.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mawu akatchuka mpaka makolo ndi apolisi n'kuyamba kuwamva, eni ake amawatembenuzanso. Arabe anasanduka beur, dzina la ana obadwira ku France kwa makolo ochokera ku Algeria, Morocco ndi Tunisia. Mu 1983 kunali ulendo wa pansi wotsutsa tsankho kuchokera ku Marseille mpaka ku Paris, manyuzipepala n'kuutcha Marche des Beurs. Dzinalo litafika pakamwa pa aliyense, achinyamata a m'madera ozungulira Paris analipotozanso kukhala rebeu. Keuf naye anasanduka feuk. Mawu onena za mtundu wa munthu ngati amenewa adziweni kuti muzimva, koma inu mlendo musathamangire kuwatchula.

Musamapeke anu ayi. Ine ndinayesapo, nditadzimva kuti ndadziwa, kutembenuza chiganizo chonse mawu ndi mawu. Mnzanga uja anangoyankha ndi chizindikiro cha funso. Eni ake amaponyamo mawu amodzi kapena awiri odziwika kale, ena onse amakhala Chifalansa wamba. Ndipo si zoyankhula kwa abwana kapena pofunsira ntchito.

Mukazolowera khutu mudzayamba kuzimva ponseponse. Woimba wa ku Belgium uja Stromae dzina lake ndi maestro, katswiri wa nyimbo, wotembenuza. Ku Buenos Aires ndi Montevideo, ku South America, kalankhulidwe kotere amakatcha vesre, kuchokera ku mawu a Chisipanishi akuti revés, chozondoka: tango amati gotán, café amati feca. Ku Serbia moni wa zdravo amasanduka vozdra. Ku Philippines idol ndi lodi, ndipo ku Japan oimba ndi anthu a pa wailesi yakanema ankatchula dera la Ginza kuti Zagin. Ku Malang, ku Indonesia, iwo ndiye amawerenga malembo kuchokera kumapeto, mzinda wawo n'kukhala Ngalam.

Poyeserera, lembani mawu asanu okha pa kapepala: cimer, ouf, relou, chelou, meuf. Mvetserani nyimbo za rapu za ku France kwa sabata imodzi, ndipo nthawi iliyonse mukamva amodzi mwa mawuwa, chongani.