Mukasamutsa seva ndipo pulogalamu ya mapulojekiti yakana kutseguka

Achimwene a ku Moatize ku Mozambique, mwati mutasamutsira pulogalamu yoyendetsera mapulojekiti ku seva yatsopano (kompyuta yomwe pulogalamuyo imakhalamo), anthu akulephera kulowa ndipo mayina ena asokonekera.

Choyamba, musazimitse seva yakale, ndipo sungani backup (kope lapadera) ya database, nkhokwe ya zonse zolembedwa mu pulogalamuyo, musanakhudze kalikonse. Kenako onani ngati DNS, yomwe imalumikiza dzina la seva ndi adiresi yake (IP), ikuloza ku IP yatsopano. Ngati database yanu ili pa SQL Server, firewall (chotchinga cha chitetezo pa netiweki) itsegule port 1433, khomo lomwe SQL Server imagwiritsa ntchito.

Vuto lolowera kawirikawiri limachokera apa: database ikabwezeretsedwa pa seva ina, ma user ake amasanduka amasiye chifukwa SID zawo (nambala zowazindikirira) sizigwirizana ndi ma login atsopano. Alumikizeni ndi lamulo la SQL Server lakuti ALTER USER WITH LOGIN. Onaninso wotchi ya seva. Kerberos, njira yotsimikizira amene akulowa, imakana munthu ngati nthawi yasiyana kuposa mphindi 5, ndipo wotchiyo ikhale pa nthawi ya kuno, UTC+2.

Za mayinazo musazichepetse. Zilembo za Chipwitikizi monga ã ndi ç zimatha kuwonongeka collation (dongosolo la zilembo mu database) ikasiyana, ndipo dzina ngati Angónia likalembeka mosiyana, malipoti sagwirizananso. Fananitsani collation ya maseva onse awiri.

Mukatha, tsegulani pulojekiti imodzi muone ngati kalendala ikadali ndi tchuthi cha ufulu wa Mozambique cha pa 25 Juni, kenako muuze anzanu ayambe ntchito.