Inu a kunja, ndalama zanu zikuthera pa foni ya amayi kumudzi

Abale athu amene muli ku Joni, ku Cape Town, kuminda ya ku Israel, ngakhale inu osamalira okalamba ku UK, nkhani iyi ndi yanu. Kuno ku Kasungu ikafika Okutobala mpaka Disembala mafoni a makolo amalira pafupipafupi, ndalama za feteleza, za mbewu, za fizi, ndiye mbava nazo nyengo imeneyi zimaidziwa bwino. Ambiri mumaganiza kuti oba pa intaneti ndi akatswiri a kompyuta othyola mafoni ali kutali, ayi ndithu, ochuluka ndi anthu a kafoni wamba, amangowerenga zomwe ife tomwe tayala poyera nkudikira tsiku lomwe tili pa changu.

Tiyambe ndi ma status. Mwatumiza ndalama pa Mukuru, mwajambula risiti mwaponya kuti abale aone kuti simunaiwale kwanu, pa risitipo pali dzina la amayi, nambala yawo ndi kuchuluka kwa ndalama. Mawa mwaika chithunzi cha nyumba yomwe mukumanga ku Santhe, yafika pa lintala, mmisiri mwamutchula dzina. Munthu wakuba safunanso china, akudziwa kuti malata ndi omwe atsala, ndiye akutumizirani uthenga ngati mmisiri uja kuti bwana malata akukwera mawa tumizani lero pa nambala iyi, yanga ija yavuta. Kumaliro nkomwe kumandipweteka kwambiri mtima, gulu la WhatsApp latsegulidwa, linki yamwazidwa paliponse, aliyense akulowa, mndandanda wa chipepeso ukuyenda ndi mayina ndi ma figure, wina amangokopera uthengawo nkusintha nambala yolandirira basi. Apolisi ndi a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, akhala akunena kuti ambiri mwa mauthenga a "tumizani pa nambala iyi" amachokera mpaka mkati mwa ndende ya Zomba. Nambala ikasintha mwadzidzidzi imbani kaye pa yakale, mumve mawu a munthuyo, kapena video call muone nkhope. Amene akukana kuyankha, ati netiweki, ati sipika yafa, musamutumizire ngakhale 500.

Chachiwiri ndi khalidwe losinthasintha ma layini. Ku Joni anthu amagula simu ya pamsewu yolembetsedwa kale RICA mdzina la munthu wosamudziwa, ikatha bandulo yotchipa ataya agula ina, koma WhatsApp ndi Facebook zikadali pa nambala yakale, mwina ya 0999 kapena 0888 yomwe munaisiya kuno zaka zapitazo. Layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo mwini watsopanoyo ndi amene amalandira ma code a akaunti zanu. Mukasintha layini pitani mu settings ya WhatsApp pa Change number, ku Facebook ndi ku Gmail chotsaninso yakaleyo. Pomwepo pa WhatsApp yatsani two-step verification, ndi PIN ya manambala 6 yodziwa inu nokha, sizitenga ndi mphindi zitatu zomwe. Ndipo ka code ka manambala 6 kobwera pa SMS kaja sikapatsidwa kwa munthu, kaya akuti ndi admin wa gulu la mpingo akukonza Zoom ya mapemphero, kaya ndi mnzanu akuti watumiza kwa inu molakwitsa. Mukangopereka WhatsApp yapita, ndipo usiku womwewo achemwali anu ku Chamama alandira uthenga wa dzina lanu ndi chithunzi chanu kuti ndamangidwa ndi a Home Affairs ndipezereni ndalama mwachangu. Amakhulupirira chifukwa mantha amenewo ali nawo kale.

Nkhani ya rate ndikuimvetsa, sindikuweruzani. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa rate ya ku banki ndi ya pamsewu kumakopa aliyense, munthu wakhetsa thukuta mwezi wonse akufuna randi yake ibale. Koma taonani mmene zimayendera, wosintha ndalamayo mwampeza pa gulu, simunamuonepo, mwamuikira ma randi mu akaunti, iye wakutumizirani screenshot kuti kwacha zalowa kwa bambo. Screenshot si ndalama abale, mwana wa Form 2 atha kuikonza. Ena amayamba mokhulupirika, kawiri katatu tindalama tating'ono tikufika bwinobwino, tsiku lomwe mwatumiza za matumba khumi a feteleza ndi lomwe amakublokani. Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa amadula inde, koma pali risiti ndi ofesi yokadandaula. Ngati mwasankhabe njira inayo, akhale munthu amene kwawo mukukudziwa, ndipo bambo aone okha balansi pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, osangodalira ka uthenga kolowa.

Tsopano pomwe ndikufuna mumvetsetse. Inu mutha kutseka zonse kumbali yanu, pasiwedi yolimba, chala pa sikirini, koma ndalama ikafika kuno imagwera mu kafoni ka mabatani ka amayi, ndiye zili ngati kukhoma chitseko ndi loko wamkulu zenera lili pululu. Foni ija imakatchajidwa ku barbershop pa trading tsiku lonse. Simu inalembetsedwa ndi chiphaso cha mdzukulu amene pano ali ku Lilongwe kapena anakwiyitsana ndi banja. PIN ndi chaka chobadwa, kapena yalembedwa pa kapepala kali kuseri kwa batire. Pokatapa, amayi amapereka foni kwa ejenti nkutchula PIN mokweza anthu ali pa mzere. Ndiye pamabwera oimba aja, mayi mwawina, mayi dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo tumizani ya fomu, mayi ndalakwitsa nambala ndibwezereni mwana ali mchipatala. Makolo athu analeredwa kuti munthu wolankhula mwaulemu samukayikira, ndipo sindikufuna asinthe mtima umenewo, koma wina akuyenera kuwauza, ndipo amene amamumvera ndi inu otumiza.

Choncho Lamulungu likubwerali mukamaimba musathere pa moni ndi za mvula. Afunseni simu ili mdzina la ndani, ngati si lawo apite ndi chiphaso chawo cha unzika ku shopu ya kampaniyo pa boma akakonze. PIN asinthe, aziidina okha, ngati maso avuta pakhale mwana mmodzi yekha wodalirika osati aliyense wopezeka pakhomo. Muwauze kuti a kampani safunsa PIN pa foni, ndipo wolakwitsa nambala aimbire kampani yomweyo, si ntchito ya amayi kubweza. Gwirizananinso funso la pabanja lomwe mlendo sangayankhe, dzina la ng'ombe ya agogo kapena mudzi womwe munabadwira azakhali, kuti uthenga wa ngozi ukabwera mdzina lanu azifunsa limenelo kaye.

Za ntchito za pa Facebook mwachidule, mukamaitana achibale kuti abwere musawatumizire linki yomwe inuyo simunaifufuze. Atsikana athu amene anakazunzika ku Oman, nkhani yomwe BBC inaulutsa mu 2024, ambiri anakopedwa ndi ma ejenti olonjeza ntchito zabwino. Chithunzi cha pasipoti kapena chiphaso sichotumiza kwa aliyense wolonjeza visa, anthu amatsegulira ma layini ndi maakaunti obera anzawo mdzina lanu.

Zikachitika musabise chifukwa cha manyazi. Imbirani kampani ya foni kapena yotumizira ndalama nthawi yomweyo, ndalama isanatapidwe nthawi zina amatha kuigwira. Mauthenga musafufute, sungani nambala, nthawi ndi transaction ID, wachibale apite nazo ku polisi ya Kasungu kapena unit yapafupi, lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ngati akuberani WhatsApp, lowaninso ndi nambala yanu kuti code yatsopano ibwere kwa inu, ndipo pomwe mukudikira imbirani abale pa layini wamba, muyambe ndi amene mukudziwa kuti angatumize msanga osafunsa.