Momwe mungakonzere ulendo wa pagalimoto wopita ku Livingstonia kudzera kunyanja

Ngati mumakonda chiwongolero ndipo mwatopa ndi kumangozungulira mu Lilongwe, ulendo wa ku Livingstonia ndi woti muuyese. Ine ndaupanga kawiri. Ulendo woyamba ndinangotsala pang'ono kusiya galimoto kuphompho, ndiye zambiri zomwe ndinene pano ndi za mabuleki.

Yambani ndi kusankha njira. Kuchoka ku Lilongwe mutha kutsata M1 kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa mpaka ku Mzuzu, kapena kutsikira ku Salima pa M14 n'kulowa M5 yomwe imatsata nyanja. Ine ndimati popita dzerani kunyanja, pobwerera mudzere ku Chikangawa, kuti musaone malo amodzimodzi kawiri. M5 imakudutsitsani pa Chia, Nkhotakota, m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, Chintheche mpaka ku Nkhata Bay, komwe mumadutsa m'nkhalango ya mitengo ya labala ya Vizara, anyamata akugulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Koma musapite nthawi ya dzinja. Msewu umenewu umaduka mitsinje ikasefukira, monga zinachitikira ku Dwangwa mu 2024. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala ndiye nthawi yake.

Gawani ulendowu masiku awiri. Mukanyamuka m'mawa, muyime ku Nkhotakota kukaona mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo, mu 1863, kenaka mukagone ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay. Usiku musayende. Mabowo, njinga zopanda nyale ndi mbuzi zogona paphula sizikusankha galimoto.

Mapepala mukuwadziwa kale: laisensi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwaransi, osaiwalanso matrayango awiri. Marodibuloko alipo ambiri.

Mafuta thirani paliponse pomwe mwawapeza, ngakhale thanki ili pa theka, ndipo mudzazitse ku Mzuzu musanapitirire. Anyamata ogulitsa mafuta m'zigubu aja mtengo wawo ndi wokwera, ndipo ena amasakaniza petulo ndi palafini. Injini ikayamba kutsokomola iwo amakhala atasowa kalekale.

Tsopano mabuleki. Kuchoka ku Mzuzu mumatsika phiri la Chiweta, pomwe mumakumana ndi mathiraki olemera ochokera ku Tanzania, n'kukafika pa Chitimba. Apo ndiye pamayambira msewu wa Gorodi, wafumbi ndi miyala, makilomita pafupifupi 15 okwera phiri, wokhala ndi makona 20 okhota ngati mbedza. Unalambulidwa nthawi ya Robert Laws, m'mishonale amene anasamutsira mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, ndipo m'malo ambiri magalimoto awiri sangadutsane bwino. Kukwera sikovuta ngati galimoto ndi yotalika pansi. Vuto ndi kutsika.

Ine sabata yoti ndinyamuke ndinagula mapadi a mabuleki kwa mkulu wina wogulitsa masipeya pamsika. Anali m'bokosi lokongola, mtengo wake theka la wa m'sitolo, mwini wake akulumbira kuti ndi orijino. Makaniko wanga atawaona anangopukusa mutu, koma ine ndinati ikani. Mafuta a mabuleki sindinasinthe n'komwe, ndinkaona ngati ndi kuwononga ndalama. Potsika Gorodi, galimoto yanga ndi ya otomatiki, ndinangoisiya pa D phazi lili pabuleki njira yonse. Tisanafike ndi pakati pomwe, fungo la chinthu chopserera linadzaza m'galimoto. Pakona lotsatira ndinaponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda siponji. Chinandipulumutsa n'choti ndinali paliwiro lochepa: ndinakankhira giya pa L (giya yotsika), kukoka handibuleki pang'onopang'ono, n'kukhudzitsa tayala kukhoma la phiri. Mkazi wanga sanandiyankhule mpaka pa Chitimba.

Zomwe zinachitika n'zakuti mapadi atatentha kwambiri anasiya kugwira, ndipo mafuta a mabuleki anawira. Mafuta amenewa akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndiye akatentha madziwo amasanduka nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imangofinyika osakankha kanthu. Tinakhala pamenepo ola lathunthu kudikira kuti zizizire. Musathire madzi pamadisiki otentha, amapindika.

Choncho musananyamuke sinthani mafuta a mabuleki ngati apitirira zaka ziwiri, muyang'ane pachivindikiro ngati ndi DOT 3 kapena DOT 4, ndipo mapadi mugule kusitolo yopereka lisiti. Potsika ikani giya 1 kapena 2, kapena L, injini ndi imene izigwira galimoto. Buleki muziponda mwamphamvu kanthawi kochepa n'kusiya, osati kuigonera. Imbani huta musanalowe pakona lililonse, ndipo wotsika apatse njira wokwera. Ngati muli ndi kagalimoto kotsika pansi, Gorodi musiyeni. Dzerani msewu wina wochokera ku Njakwa cha ku Rumphi, ngakhale kuti okonda chiwongolero angakusekeni.

Mukafika pamwamba muone mathithi a Manchewe, tchalitchi, ndi Stone House yomwe munkakhala a Laws. Nyanja yonse imaoneka pansi panu. Tengani juzi, kumazizira.

Zotsalazo n'zachizolowezi. Tayala la sipeya likhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhalemo, madzi a injini chigubu chimodzi, ndalama zina m'thumba chifukwa netiweki imasowa m'malo ena. Nsomba za m'mbali mwa msewu mutsitse mtengo, akaona nambala ya ku Lilongwe amakweza. Pobwerera nyamukani ku Mzuzu dzuwa litakwera, chifukwa m'mawa ku Chikangawa kumakhala chifunga chosaonetsa ngakhale thiraki ya matabwa yomwe ili patsogolo panu.