Kwalite kapena satifiketi, gulu lanu liyambire pati?

Kuno kuchigwa cha Shire, kaya ndi gulu la chitowe ku Ngabu kaya la ufa wa malambe cha ku Bangula uko, ogula akangodandaula kuti katundu wanu kwalite yake ndiyotsika, tcheya amayamba kufunsa kuti kodi satifiketi ya ISO ija imagulidwa kuti. Siigulidwa ayi, ndipo a ISO eniakewo, bungwe lolemba masitandadi a dziko lonse lomwe lili ku Geneva, sapereka satifiketi kwa aliyense, iwo amangolemba malamulo, opereka ndi makampani ena a oditi omwe mumawalipira nokha. Nde musanagwire ndalama za gulu siyanitsani kaye zinthu ziwirizi, maganizo a kagwiridwe ka ntchito ndi masitandadi.

Pali maganizo a kagwiridwe ka ntchito, amenewa ndi aulere. Edwards Deming, katswiri wa za kwalite wa ku America, anapita ku Japan mu 1950 nkukaphunzitsa kuti kumangofufuza katundu kumapeto ndikuchedwa chifukwa choonongeka chimakhala chaonongeka kale, konzani njira yomwe mukupangira. Ankanenanso kuti zolakwika zambiri zimachokera ku dongosolo lomwe akuluakulu anaika osati kwa wantchito, izi ma komiti ambiri sakonda kuzimva. Katswiri wina, Joseph Juran, yake inali yoti mavuto ambiri amachokera pa zoyambitsa zochepa chabe, pezani zimenezo. Ku Japan kuli Kaizen, kusintha pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku aliyense akuponyapo nzeru mpaka wosesa yemwe. Za njira ya Six Sigma zomwe anayambitsa a kampani ya Motorola mu 1986, zofuna zolakwika 3.4 zokha pa miliyoni, zisiyeni kaye, sizagulu lopeta ndi lichero.

Kenako pali masitandadi, awa ndi amapepala komanso ndalama. ISO 9001 inatuluka koyamba mu 1987 ndipo inakonzedwanso kangapo kuphatikiza mu 2015. Odita wake sabwera kudzalawa malambe anu, amabwera kudzaona ngati muli ndi dongosolo, mukulitsatadi, umboni ulipo, komanso chikalakwika mumatani. Satifiketi imakhala zaka 3 koma chaka chilichonse amabweranso, nkulipiranso. Ili ngati laisensi ya galimoto, pa rodibuloko ya pa Thabwa ikudutsitsani koma si imene imakhota makona a m'phiri muja.

Ndiye poyambira ndi apa. Gulani kope la hadikava limodzi, wina wodziwa kulemba bwino azilisunga. Thumba lililonse lilembedwe nambala, dzina la mlimi, tsiku, ndi makilo a pasikelo. Dandaulo lililonse la kasitomala lilowe m'kope momwemo ngakhale lobwera pa WhatsApp. Pakatha mwezi werengani kuti dandaulo lomwe likubwerezabwereza ndi liti, mugwire limenelo lokha, enawo adikire.

Tinene kuti ndi mchenga mu chitowe. Funsani kuti chifukwa chiyani mpaka kasanu ngati mmene amachitira ku Toyota. Mchenga walowa bwanji? Anagogodera mitolo pansi. Bwanji pansi? Tenti ya gulu ndi imodzi ndipo inali kwa wina. Bwanji sanadikire? Chitowe chikauma ndi dzuwa la kuno makoko amangoyasamula okha, ukachedwa chimatayika. Mwaona, poyamba mumati mayi uja ndi waulesi pomwe nkhani ndi ya tenti. Yesani ndi alimi ochepa kaye, muwapatse tenti, musefe matumba awo nkuyeza zinyalala zotsala pa sefa, mufananize ndi za enawo, zikatheka mufalitse kwa onse zikakanika musinthe. Kuzungulira kumeneku, kukonza pulani, kuchita, kuona, kusintha, ndikomwe Deming ankaphunzitsa, ndipo ISO 9001 nayo inamangidwa pomwepo, nde kope lanu lija ndi umboni womwe odita adzaufune.

Zikayamba kuyenda pitani ku Malawi Bureau of Standards, likulu lawo lili ku Blantyre konkuno pamtunda. Amayendera malo, kutenga masampulo nkukayeza ku labu, zikakhala bwino mumaloledwa kuika chizindikiro cha MBS pa paketi, chimene masitolo akuluakulu amafunsa. Kwa ine gulu logulitsa m'dziko momwemuno ichi ndiye chofunika kuposa ISO.

Ngati mukupanga chakudya phunziraninso HACCP, ili ndi mfundo 7 koma mutu wake ndi woti pezani malo omwe chakudya chingaipitsidwe, madzi, chinyezi, nkhungu, tizitsulo, muike malire nkumayang'anira pomwepo. Ndi madzi osefukira athuwa, matumba akhale pa mapaleti osati pa simenti. ISO 22000, sitandadi ya zakudya, inatenga HACCP yomweyi nkuonjezera za kayendetsedwe.

Za masatifiketi ogulitsira kunjazi lowani pokhapokha wogula atatchula dzina la satifiketi yomwe akufuna, chifukwa zimasiyana. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula anatenga ya Fairtrade, yomwe imaona za mtengo, ndalama ya chitukuko ndi kasamalidwe ka antchito, nkhani ina ndithu. Wogulayo alembe zimene akufuna komanso matani angati, inu muwerengetse ngati phindu lake lingalipire odita zaka zitatu zonse, ndipo kampani yopereka satifiketiyo muifunse kuti inavomerezedwa ndi bungwe liti, mumuonetse wogulayo dzinalo musanasaine kalikonse.